Calabria, Kumene Chuma Chimangodutsa Osagona

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo yochokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Balaka. Iwo analemba kuti wansembe wina wa kumpoto kwa Italy, amene anatumikirapo pa parishi yawo zaka zapitazo, ankakonda kuwauza kuti kummwera kwa dziko lake kuli kusauka kumene mlendo sangakhulupirire, ndipo dera limene ankalitchula kawirikawiri linali Calabria. Funso lawo linali lakuti: zimatheka bwanji kuti m'dziko limene limapanga galimoto zamtengo wapatali, ndiponso limatumiza thandizo kwathu kuno, mukhale chigawo chotsalira chotere? Kodi vuto ndi nthaka, ndi mvula, kapena ndi ulesi wa eni dera monga ena amanenera? Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ndasankha kuliyankha poyera chifukwa yankho lake ndi lalitali, komanso ndikuona kuti anzanu ena ogwira choko angalipeze lothandiza.

Tiyambe tagwirizana pa tanthauzo la mawu akuti kusauka, kuopa kuti ana anu m'kalasi angaganize za nyumba zaudzu ndi nkhokwe zopanda kanthu. Ku Calabria nyumba zili ndi magetsi ndi madzi a m'mipopi, ana amapita kusukulu, ndipo okalamba amalandira penshoni. Kusauka kwake kumaoneka mukayerekeza derali ndi zigawo zina za dziko lomwelo. Chuma chimene munthu mmodzi amapanga pa chaka kumeneko sichifika ngakhale theka la chimene amapanga mnzake wa ku Lombardy, chigawo cha mzinda wa Milan, ndipo pa zigawo 20 za Italy, Calabria wakhala kumchira kwa mndandanda umenewu kwa zaka zambiri. Ntchito zolembedwa n'zosowa, makamaka kwa achinyamata ndi amayi. Ife tinakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo m'nthaka ya Calabria chilimodi. Chimene ndikufuna kukuonetsani n'chakuti kwa zaka mazana angapo, kagawidwe ka malo, kayendedwe ka malonda ndi kachitidwe ka ndale zakhala zikutulutsa chumacho m'deralo chisanagone n'komwe, ndipo pamapeto pake anthu nawonso amachilondola.

Mukatambasula mapu, Italy amaoneka ngati jombo yaitali, ndipo Calabria ndiye msonga ya phazi, imene imakhala ngati ikufuna kumenya chilumba cha Sicily. Pakati pa awiriwa pali kampata ka nyanja ka Messina, kamene pamalo popapatiza kwambiri ndi ka makilomita 3 okha. Chigawochi ndi cha masikweya kilomita opitirira pang'ono 15,000, ndiye kuti pafupifupi theka la Chigawo cha Kummwera cha Malawi, ndipo muli anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Kumadzulo kuli nyanja ya Tyrrhenian, kummawa ya Ionian, ndipo gombe lonse limatalika pafupifupi makilomita 800. Munthu angaganize kuti dera lozunguliridwa ndi nyanja chotere ndi la asodzi ndi amalonda a pamadzi, koma mbiri yake ndi ya anthu a m'mapiri. Kumpoto kuli mapiri a Pollino, amene nsonga yake imaposa mamita 2,200 ndipo kwa nthawi yaitali anali ngati linga lotsekereza derali ku Italy yense. Pakati pali Sila, phiri lotambalala pamwamba lokhala ndi nkhalango za paini ndi chipale chofewa m'nyengo yozizira, kenako Serre, ndipo kummwera kwenikweni kuli Aspromonte, amene amatsetsereka modzidzimutsa mpaka kugwera m'nyanja. Malo athyathyathya ndi magawo 9 okha pa magawo 100 a chigawo chonse, ndipo zidikha zoti n'kutchula ndi za Sibari, Sant'Eufemia ndi Gioia Tauro, kuphatikizapo timapiri ta makande tozungulira mzinda wa Crotone.

Katswiri wa zachuma cha ulimi dzina lake Manlio Rossi-Doria anafotokoza kummwera kwa Italy ndi fanizo limene aliyense wodya nyama angalimve: anati kuli mnofu ndi fupa. Mnofu ndi zidikha za m'mphepete mwa nyanja zimene zingathiriridwe, fupa ndi mapiri ndi zitunda za m'kati. Ku Calabria fupa ndi lalikulu, mnofu ndi kachidutswa. Chopweteka n'chakuti kwa zaka mazana ambiri ngakhale kachidutswako sikankadyeka, chifukwa zidikha zinali madambo a udzudzu. Malungo, amene ife timawaona ngati matenda athu a kuno, ankapha anthu kumeneko chaka ndi chaka, ndipo pamwamba pa malungo panali achifwamba a panyanja amene ankagwira anthu ukapolo m'midzi ya kugombe. Anthu anathawira pamwamba pa zitunda, n'kumanga midzi yothithikana yovuta kufikako, ndipo mlimi ankayenda maola angapo kutsikira kumunda m'mawa ndi kukweranso madzulo. Malungo anagonjetsedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene madambo anaumitsidwa ndipo nyumba zinapoperedwa mankhwala a DDT, kufikira bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linalengeza mu 1970 kuti matendawa atha mu Italy. Choncho ulimi wamakono wa m'zidikha za Calabria ndi wa dzulodzuloli, pafupifupi msinkhu wa agogo amene akali moyo.

Pa za mvula, ana anu adzafunika kutembenuza zimene amadziwa. Kwathu mvula ndi kutentha zimabwera pamodzi, n'chifukwa chake chimanga chimakula mofulumira. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo miyezi yotentha ya Juni, Julayi ndi Ogasiti imakhala ya chilala. Mlimi wosathirira amadalira tirigu wofesa mvula ikayamba n'kukolola cha mu Juni, kapena mitengo ya mizu yozama monga azitona, mphesa ndi nkhuyu. Mvulayo siigawikanso mofanana: mapiri ndi mbali ya kumadzulo amalandira yambiri, pamene gombe la kummawa ndi louma. Ndipo ikagwa imagwa mwaukali. Mitsinje yambiri ya kumeneko, imene eni ake amaitcha fiumare, ndi makwawa otakata a miyala amene m'chilimwe munthu angayendemo ndi galimoto, koma mvula ya masiku awiri imawasandutsa chigumula cha matope ndi miyala. Amene anaona napolo ku Phalombe, kapena zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023, safunika kuwafotokozera zambiri. Madzi saiwala khwawa, ndipo ku Aspromonte anthu anaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu Okutobala 1951 chigumula chinawononga mudzi wa Africo, ndipo anthu ake anasamutsidwira kugombe, kutali ndi minda ndi mabusa awo. Mudzi wa Roghudi, umodzi mwa midzi yochepa imene inkalankhulabe Chigiriki chakale cha m'deralo, unasiyidwa pambuyo pa zigumula za 1971 ndi 1973. Abusa a mbuzi anapatsidwa nyumba za simenti pamalo popanda msipu, ndipo ambiri anayamba kudalira thandizo la boma kapena anasamukira kutali.

Palinso zivomezi. Mu 1783 zivomezi zotsatizana zinapha anthu oposa 30,000 ndipo zinagumula mapiri mpaka kutseka mitsinje. Pa 28 Disembala 1908 chivomezi china, chotsatiridwa ndi mafunde aakulu, chinagwetsa mizinda ya Reggio Calabria ndi Messina, n'kupha anthu osachepera 75,000 mbali zonse ziwiri za kampata kaja. Banja likamamanganso nyumba m'badwo uliwonse, ndalama zosunga sizingaunjikane.

Mpaka pano mungaganize kuti yankho ndi chilengedwe basi, koma mbiri ikukana. Zaka zoposa 2,500 zapitazo, Agiriki anamanga mizinda m'gombe lomweli, ndipo Sybaris, umene unali pa chidikha cha Sibari, unalemera kwambiri moti dzina lake linasanduka mawu otanthauza moyo wa mwanaalirenji m'zinenero zingapo za ku Ulaya. Ku Crotone ndi kumene Pythagoras, amene ana anu amamudziwa pa masamu, anakhazikitsa sukulu yake. Patapita zaka mazana ambiri, Catanzaro unatchuka ndi nsalu za silika. Mapiri anali omwewo, mvula inali yomweyo. Chimene chinasintha ndi mwini nthaka komanso kumene phindu lake linkapita.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa nthawi yaitali malo a ku Calabria, makamaka ozungulira Crotone ndi mapiri a Sila, anali m'manja mwa mabanja ochepa a anthu olemekezeka, m'minda ikuluikulu yotchedwa latifondo. M'zaka za m'ma 1800 banja limodzi lokha la Barracco linali ndi mahekitala pafupifupi 30,000. Ulamuliro wa mafumu a malo unathetsedwa mwalamulo mu 1806, ndipo Italy atakhala dziko limodzi mu 1861 minda ya Mpingo inagulitsidwa, koma ogula anali omwe anali kale ndi ndalama, ndipo ngakhale malo a mudzi, kumene osauka ankadyetsa ziweto ndi kutola nkhuni, ambiri analandidwa mwakachetechete. Eni minda ambiri ankakhala ku Naples kapena ku Rome, n'kusiya akapitawo. Analibe chifukwa chokumba ngalande kapena kubzala mitengo, popeza tirigu ndi nkhosa zinkawabweretsera zokwanira, ndipo msonkho umene boma linaika pa tirigu wochokera kunja mu 1887 unawateteza kuti asasinthe kanthu. Anthu wamba anali aganyu amene ankaima pabwalo la mudzi m'bandakucha kudikira kuti kapitawo aloze amene agwire ntchito tsikulo, ndipo miyezi yambiri pa chaka kunalibe woloza aliyense. Amene anamva kwa makolo awo za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu akudziwa zimene dongosolo lotere limachita pa mtima wa munthu: limamuphunzitsa kuti khama lake limanenepetsa wina, ndipo chofunika kwambiri pa moyo ndi kukondedwa ndi bwana.

Nkhondo yachiwiri ili kumapeto, nduna ya zaulimi Fausto Gullo, amenenso anali wa ku Calabria, anakhazikitsa malamulo mu 1944 olola magulu a alimi kulima minda yogonera ya anthu olemera. Eni minda anakana, alimi anayamba kulowamo okha ndi makasu ndi abulu, ndipo pa 29 Okutobala 1949 apolisi anawombera anthu a mudzi wa Melissa amene ankalima munda wa Fragalà. Anthu atatu anafa, mmodzi mwa iwo mayi. Imfa zimenezi zinagwedeza dziko lonse, ndipo mu Meyi 1950 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Sila, limene linalanda gawo la minda ikuluikulu n'kuligawa kwa mabanja opanda malo.

Ndikanakonda kunena kuti nkhani inathera pamenepa mokoma, koma sizinatero. Lamuloli linathyoladi mphamvu ya eni minda akale, ndipo chimenecho si chinthu chochepa. Koma mabanja anali ambiri, malo abwino anali ochepa, ndipo ambiri analandira mahekitala owerengeka a makande opanda madzi, amene sakanatha kudyetsa banja. Boma linamanga tinyumba tokhatokha pakati pa minda, kutali ndi sukulu, tchalitchi ndi msika, kwa anthu amene anazolowera kukhala mothithikana, ndipo tambiri mwa tinyumbati tinasiyidwa patangopita zaka zochepa. Bungwe logawa malo linasandukanso khomo la ndale, kumene munda, ngongole kapena ntchito zinkapezeka mosavuta kwa amene anavotera chipani cholamula. Bwana wa munda anachoka, m'malo mwake munalowa bwana wa ofesi. Kumene madzi othirira anafika, monga ku Sibari, zinthu zinasinthadi, ndipo lero chidikhacho chimabala manachesi a mtundu wa clementine, mapichesi ngakhalenso mpunga.

Tsopano tione zimene nthakayo imabala, chifukwa mndandanda wake ungadabwitse aliyense woganiza kuti derali ndi chipululu. Pa mafuta a azitona, Calabria amangotsatira chigawo cha Puglia mu Italy yense. Pa chidikha cha Gioia Tauro mitengo ya azitona ndi yaitali ngati ya m'nkhalango, moti kale sinkathyoledwa: amayi ankadikira kuti zipatso zigwe zokha, n'kumazitola pansi atawerama tsiku lonse m'nyengo yachisanu. Zipatso zotola pansi zimatulutsa mafuta owawasa, amene ankagulitsidwa motchipa kuti akayatsire nyale, akapangire sopo ku Marseille, kapena akayengedwenso m'mafakitale a kumpoto, kumene ankathiridwa m'mabotolo a dzina la kampani ina. Lero alimi ambiri akuthyola msanga ndi makina ndipo akupanga mafuta abwino kwambiri, koma ochuluka amachokabe m'deralo m'matanki, opanda dzina, ndipo phindu la botolo limatsalira kwa wolemba dzina lake pa botolopo. Kulinso anyezi wofiira wa ku Tropea, mbatatesi ya ku Sila, vinyo wa ku Cirò, nkhuyu zouma za ku Cosenza ndi soseji ya tsabola yotchedwa 'nduja ya ku Spilinga.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi bergamot, chipatso cha banja la mandimu chimene chimakula bwino pa kamzere ka gombe kozungulira Reggio Calabria, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafuta ake pa dziko lonse amachokera pamenepo. Mafutawo amafinyidwa m'khungu la chipatso, ndipo pamafunika zipatso zolemera pafupifupi makilogalamu 200 kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta. Ndiwo amene amapereka fungo la tiyi wa Earl Grey, komanso amalowa m'mafuta onunkhira ambiri otchuka. Koma mafakitale a mafuta onunkhirawo ali ku Grasse ndi ku Paris m'dziko la France, ndipo osakaniza tiyi ali ku Britain ndi kwina. Mlimi wa ku Reggio amagulitsa chipatso pa kilogalamu, wogula kabotolo ku London amalipira ndalama zoti mlimiyo sangaziganizire, ndipo zapakatipo zimagawidwa kutali ndi munda. Wothyola tiyi ku Mulanje ndi wothyola bergamot ku Reggio angathe kukumana m'kapu imodzi, ndipo onse awiri ndi amene amalandira kagawo kochepetsetsa ka mtengo wa kapuyo.

Nkhani ya malalanje ndiyo yowawa kwambiri. Ku Rosarno, pa chidikha cha Gioia Tauro, minda yambiri ndi yaing'ono ndipo imabala malalanje ofinya, osati odya. Kwa zaka zambiri thandizo la ndalama lochokera ku mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linkaperekedwa potengera kulemera kwa zipatso zimene zapita ku fakitale, ndipo panabuka chinyengo chimene anthu a kumeneko anachitcha malalanje a papepala: zipatso zimene zinkalembedwa m'mabuku koma sizinamere pa mtengo uliwonse. Kuyambira 2008 thandizo linayamba kuwerengedwa pa hekitala, ndipo chinyengocho chinagwa pamodzi ndi ndalama zimene zinkabisa kufooka kwa ulimiwo. Madzi a malalanje otchipa ochokera ku Brazil anali atadzaza kale msika, ndipo mafakitale ankapereka masenti ochepa chabe pa kilogalamu. Mlimi amene akulandira mtengo wotere amangotsala ndi njira ziwiri: kusiya zipatso ziwolere pa mtengo, kapena kufinya amene ali pansi pake.

Amene ali pansipo masiku ano ndi anyamata ochokera ku Mali, Ghana, Senegal, Burkina Faso, Gambia ndi mayiko ena, komanso anthu a kummawa kwa Ulaya. Amalembedwa ganyu kudzera mwa akapitawo otchedwa caporali, amene amadula gawo la malipiro ndi kulipitsa ngakhale thiransipoti yopitira kumunda, ndipo malipiro amene ankatchulidwa kwambiri cha mu 2010 anali pafupifupi mayuro 25 pa tsiku lathunthu. Mu Januwale 2010 anthu ena anawombera aganyu a ku Africa ndi mfuti ya mpweya, aganyuwo anakwiya n'kuchita zipolowe m'tauni ya Rosarno, anthu a m'tauniyo anabwezera, ndipo pasanathe masiku atatu apolisi anasamutsa alendo oposa 1,000 amene ankagona m'mafakitale osiyidwa. Mu 2016 Italy anakhwimitsa lamulo kuti mwini munda nayenso azimangidwa, osati kapitawo yekha, komabe misasa ya matenti ya aganyu ku San Ferdinando, kufupi ndi Rosarno, yakhala ikuphwasulidwa ndi kumeranso. Ndikaganiza kuti agogo a eni minda ena ndi omwe ankaima pabwalo m'bandakucha kudikira chala cha kapitawo, ndimasowa chonena. Ndipo ngati pali mnyamata wa kwathu amene akulota zowoloka nyanja poganiza kuti ku Ulaya konse ndi ku Milan, ndime ino aiwerenge kawiri.

Mungafunse kuti boma la ku Rome linkatani nthawi yonseyi. Silinangokhala. Kuyambira 1950 mpaka 1984 thumba lapadera lotchedwa Cassa per il Mezzogiorno linathira ndalama zochuluka kummwera, ndipo zaka zake zoyamba zinabweretsa misewu, madzi a m'mipopi, magetsi ndi ngalande zothirira. Zinasokonekera pamene linayamba kubzala mafakitale aakulu mongotsatira ndale. Mu 1970, Catanzaro atasankhidwa kukhala likulu la chigawo, anthu a ku Reggio anaukira kwa miyezi ingapo, ndipo pofuna kuziziritsa mitima boma linalonjeza yunivesite kufupi ndi Cosenza, fakitale ya mankhwala ku Saline Joniche, ndi fakitale yaikulu yosungunula zitsulo ku Gioia Tauro. Yunivesiteyo inatsegulidwa mu 1972 ndipo ikugwira ntchito yabwino mpaka lero. Fakitale ya ku Saline inamangidwa, chumuni chake chachitali chikuonekabe patali, koma inatsekedwa isanagwire ntchito yooneka. Ku Gioia Tauro minda ya malalanje ndi azitona, imene inali pakati pa yachonde kwambiri m'chigawo chonse, inazulidwa, mudzi wa Eranova unaphwasulidwa, mwala wa maziko a doko unayikidwa mu 1975, koma msika wa zitsulo pa dziko lonse unali utagwa ndipo fakitaleyo sinamangidwe konse. Anawononga mnofu weniweni pofuna kuphika nyama imene sinafike.

Dokolo linakhala lopanda ntchito yeniyeni mpaka 1995, pamene linayamba kulandira sitima za makontena, ndipo lero ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri pa nyanja ya Mediterranean, lonyamula makontena oposa 3 miliyoni pa chaka. Limalemba anthu ntchito, ndipo zimenezo sitingazinyoze. Koma ntchito yake yaikulu ndi kutsitsa kontena m'sitima yaikulu n'kuikweza m'sitima yaing'ono, moti makontena ochuluka kwambiri satuluka pa chipata, satsegulidwa, ndipo katundu wake sakhudzidwa ndi dzanja la munthu wa ku Calabria. Ngati mukufuna chithunzi chimodzi choti mupachike m'kalasi, pachikani cha dokoli: chuma cha mayiko ambiri chikudutsa pakhomo, ndipo kuseri kwa mpanda kuli misasa ya othyola malalanje.

Za mayendedwe ndinene mwachidule. Kuchoka ku Reggio kukafika ku Milan pa msewu ndi makilomita oposa 1,200. Msewu waukulu wa Salerno mpaka Reggio unayamba kumangidwa mu 1962, ndipo ntchito youkonzanso, imene inayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inalengezedwa kuti yatha mu Disembala 2016. Njanji ya sitima zothamanga kwambiri imathera ku Salerno, isanafike n'komwe ku Calabria, ndipo msewu wa kugombe la kummawa, wa nambala 106, eni ake amautcha msewu wa imfa. Wogulitsa zipatso zosachedwa kuwola amalipira mtunda wonsewu.

Sindingayankhe funso lanu moona mtima popanda kutchula 'Ndrangheta, gulu la umbanda limene linakulira m'midzi ya Aspromonte ndipo limamangidwa pa ubale wa magazi, n'chifukwa chake oulula zinsinsi zake ndi ochepa. Linalemera ndi kuba anthu n'kumafuna dipo, kenako ndi makontirakiti a msewu waukulu ndi a doko lija, ndipo lero ndi limodzi mwa magulu aakulu olowetsa kokeni mu Ulaya. Kwa mlimi, mphamvu yake imaoneka m'zinthu zazing'ono: amauzidwa mlonda woti amulembe, lole yoti inyamule zipatso zake, ndi munthu woti amugulitse munda, ndipo akakana amapeza mitengo yake ya azitona itadulidwa usiku kapena thalakitala itapsa. Kudera la Cittanova kwa zaka zambiri ng'ombe za mabanja oterewa zinkangoyendayenda m'minda ya eni ake popanda wolimba mtima kuzithamangitsa. Pamalo otere munthu wanzeru amaphunzira kusakula, chifukwa bizinesi ikangooneka imaitana alendo osafunika. Ndipo ndalama za gululi nazonso sizigona kwawo: zimakagula nyumba, malo odyera ndi makampani ku Milan, ku Germany ndi kwina. Boma lakhala likumenyana nalo, ndipo pa mlandu waukulu umene unayamba ku Lamezia Terme mu Januwale 2021, anthu oposa 200 anapezeka olakwa mu Novembala 2023.

Ndisakusiyeni ndi maganizo akuti onse anagonja. Lamulo la 1996 limalola kuti katundu wolandidwa kwa magulu oterewa aperekedwe kwa anthu kuti awathandize, ndipo kopaletivi ya Valle del Marro ku Polistena, imene inakhazikitsidwa mu 2004, yakhala ikulima minda yotere. Kudera la Locri kuli Goel, gulu la makopaletivi limene linayamba mu 2003, limene limagula malalanje kwa alimi okana kugwadira zigawenga pa mtengo woposa wa mafakitale kangapo, pa pangano lakuti aganyu azilembedwa mwalamulo. Amatha kutero chifukwa amapakira okha ndi kugulitsa okha m'masitolo, osadutsa mwa anthu apakati ambirimbiri. Minda ya onse awiri yawotchedwapo ndi kuwonongedwapo. Kukula kwawo n'kochepa poyerekeza ndi ulimi wa chigawo chonse, koma akuloza penipeni pamene pakudontha.

Tsono za ulesi. Aphunzitsi, mawu amenewo auzeni ana anu kuti ndi mwano wakale wa a kumpoto kwa a kummwera, ndipo umagwa wokha mukaona kumene anthu a ku Calabria anapita. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anadzaza sitima zopita ku New York, Buenos Aires ndi São Paulo, ndipo nkhondo itatha anapita ku Toronto, ku Melbourne, m'migodi ya ku Belgium, m'mafakitale a ku Germany ndi Switzerland, ndiponso ku Turin kukapanga galimoto za Fiat. Galimoto zija mwatchula m'kalata yanu zinapangidwanso ndi manja awo. Monga abambo athu amene anapita ku Joni pa nthawi ya Wenela ndi TEBA, ankatumiza ndalama kwawo, koma zambiri zinkathera pa nyumba, chifukwa kunalibe bizinesi yotetezeka yoti n'kuziikamo. Kusiyana kwa lero n'kwakuti ochoka ndi ophunzira. Banja ndi chigawo zimalipira kuti mwana akule ndi kumaliza yunivesite ku Cosenza, ndipo msonkho wake woyamba amakaupereka ku Milan kapena ku Munich. Cha m'ma 1990 anthu anali oposa 2 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chikungotsika. Mu 2010 zachipatala zinaikidwa pansi pa woyang'anira wapadera wosankhidwa ndi boma la ku Rome chifukwa cha ngongole, zipatala zingapo zinatsekedwa, odwala ambiri amakwera sitima kukachiritsidwa kumpoto ndipo chigawo chimalipira zipatala za kumpotozo, ndipo mu 2022 akuluakulu a chigawo anachita kukapempha madokotala ku Cuba, pamene madokotala obadwira ku Calabria akugwira ntchito ku Bologna ndi ku Rome.

Mu Ogasiti midzi ya pa zitunda ija imadzaza. Galimoto za manambala a ku Germany ndi Switzerland zimaima m'tinjira topapatiza, nyumba zotsekedwa chaka chonse zimatsegulidwa mazenera, ndipo chifanizo cha woyera mtima wa mudzi chimanyamulidwa ndi adzukulu amene Chijeremani amachilankhula bwino kuposa chinenero cha agogo awo. Pofika sabata yoyamba ya Seputembala onse amakhala atabwerera, atanyamula mafuta, tsabola ndi soseji m'mabuti a galimoto. Azitona amayamba kupsa mu Okutobala, manachesi mu Novembala, ndipo ndi pamene anyamata a ku Mali ndi ku Gambia, atamaliza kuthyola tomato ku Puglia, amatsika sitima pa siteshoni ya Rosarno.